Fifitini ya a Olipa

Ku Chipata mukafunsa za Mayi Olipa Shawa, anthu amayamba kukufotokozerani galimoto yawo, nkhope imabwera pambuyo. Ndi pikapu yoyera, yaitali ndi yotakata kuposa mapikapu onse amene tinazolowera kuno, ndipo chiwongolero chake chili kumanzere. Ikaima pa msika wa Kapata, okankha mawilibala amachita kudandaula kuti njira yatsekeka. Eni ake ndi mayi wamfupi woyenda mothamanga, amene amagula mtedza ndi soya kumidzi n'kumagulitsa m'tauni. Amayendetsa okha, atakhalira pilo kuti aone kutsogolo, ngakhale ali ndi mlongo wawo amene ndi dalaivala wa zaka zambiri.

A Olipa anabadwira ku Madzimoyo, mwana woyamba wa aphunzitsi a Miti. M'nyumba mwa a Miti munalibe kukalipa. Mwana akaba shuga, bambowo sankamuitanira kuseri, ndodo sankaigwiranso. Ankadikira mapemphero a madzulo, onse atagwada, n'kuyamba kuuza Mulungu nkhani yonse: “Ambuye, mukudziwa za shuga wa m'nyumba muno, ndipo dzanja limene linalowamo mukulidziwa.” Ana ankatsegula diso limodzi kuti aone amene akutuluka thukuta. Dzina silinkatchulidwa, choncho wolakwa analibe poyankhira, ndipo wosalakwa analibenso podzikanira. Anthu akunja ankasirira kuti banja ili n'lamtendere, losamveka phokoso. A Olipa anakula akukhulupirira kuti anthu ophunzira amadzudzulana choncho.

Makolo atamwalira, iwo anali kale pabanja ndi a Paison Shawa, kalaliki wa m'boma. Anatenga mlongo wawo wotsiriza, Israel, ali ndi mamina m'mphuno, n'kumulera pamodzi ndi ana awo. Sukulu inamukanika, koma manja anali nawo, ndiye anamulipirira sukulu yoyendetsa galimoto. Atapeza mkazi, Tamiwe wa ku Mtenguleni, malowolo anayendetsa ndi a Olipa omwewo, ndipo banja latsopanolo linakhala m'zipinda za kuseri kwa nyumba yawo. Kunena zoona, a Olipa ankamukonda Israel kuposa mmene ankaonetsera, chifukwa kwa a Miti chikondinso sichinkanenedwa pamaso.

A Paison atamwalira, penshoni inakhala yongokwanira sopo ndi mchere. Apo ndi pamene a Olipa anayamba malonda a mbewu. Luso anali nalo: ankadziwa mtedza wouma bwino pongougwedeza m'dzanja, ndipo alimi a ku Chiparamba ankawakhulupirira chifukwa sikelo yawo sinkasewera. Chimene chinkawasautsa ndi mayendedwe. Malole obwereka ankalonjeza m'mawa n'kufika dzuwa litapendeka, nthawi zina osafika n'komwe, matumba n'kugona panja mvula ikuwopseza. Ankalakalaka galimoto yawoyawo, yoti Israel aziyendetsa, ndalama zizizungulira m'banja momwemo.

Mwayi unabwera kudzera kwa Jenny, mzungu wa ku Amereka amene ankagwira ntchito yokumba zitsime ndipo ankapemphera mpingo umodzi ndi a Olipa. Jenny ankabwerera kwawo, ndipo pikapu imene anabwera nayo inkafuna wogula. Inakhala nthawi yaitali pabwalo ndi chikwangwani pagalasi. Amuna odziwa magalimoto ankabwera, kuizungulira, kutsegula boneti, kuimba kamluzu, n'kupita osabwereranso. Mtengo unatsika, unatsikanso. A Olipa anaona ngati Mulungu akuwasungira.

Tsiku limene anapita kukaiona, anafunsa funso limodzi limene aliyense wogula galimoto amafunsa.

“Nanga mafuta, imayenda zingati?”

“Fifitini,” anatero Jenny. “Pamsewu wabwino mwina kupitirira pang'ono.”

Kuno dalaivala akati galimoto imayenda fifitini, ndiye kuti lita imodzi ya petulo imakufikitsa makilomita khumi ndi asanu, ngati tigalimoto tating'ono ta ma takisi. A Olipa anayang'ana chilombo chachikulucho, n'kuyang'ana Jenny, mtima n'kuyera. Pamenepo palibe amene ananama, ndipo palibenso amene anafunsa kuti fifitini ya chiyani. Anagwirana chanza, napempherera galimotoyo asanaitulutse pageti.

Ntchito yokha inkaigwira, zimenezo tisaibere. Zitunda za ku Chiparamba inkakwera ngati ilibe katundu, m'matope imene anzake ankatitimira iyo inkangodutsa, ndipo ulendo umodzi inkasenza zimene mapikapu ena amasenza kawiri. Israel ankaisamala ngati khanda. Koma a Olipa akakhala pambali pake, maso awo sankakhala pamsewu. Ankakhala pa kamuvi ka geji ya mafuta, kamene kankatsika munthu ukuona. Pansi pake panali manambala owerenga mtunda, ndipo manambalawo ankayenda mwaulesi, ngati galimoto sinapite kutali. Mtunda wochepa, mafuta ambiri. Mwana wa aphunzitsi sakanalephera kuona kuti masamu akukana.

Israel ananenapo kamodzi, akutsika chitunda ndi katundu wa soya.

“Asisi, motoka iyi imamwa. Injini yake ni yaikulu maningi.”

“Jenny anati fifitini,” anayankha a Olipa. “Munthu uja amapemphera. Anganamize ine, mayi wamasiye?”

Israel anabwezera maso pamsewu. Anaona kuti kupitiriza kukanakhala kuuza mlongo wake wamkulu kuti anagula mosaganiza, ndipo mawu otero sanaphunzitsidwe kuwanena.

Nyengo yokolola itafika pachimake, a Olipa sankatha kupita ulendo uliwonse. Ankatsala kumsika, Israel n'kupita yekha. Madzulo ankasuzumira geji, m'mawa ankasuzumiranso, ndipo maganizo oipa anayamba kuwalowa. Nkhani za madalaivala opopa mafuta m'thanki n'kugulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu ankazimva tsiku ndi tsiku. Ankazikana mumtima, kuti Israel ayi. Ndiye m'mawa wina atatuluka kukataya madzi, anamupeza atawerama pathanki, chigubu chachikasu m'manja. Atawaona anadzidzimuka, n'kukankhira chigubucho kuseri kwa tayala.

“Mwadzuka bwanji, asisi?”

“Ndadzuka,” anatero a Olipa, n'kubwerera m'nyumba.

Zinawapweteka kwambiri. Tsiku lonselo ankalakwitsa chenji, ndipo mayi wina wogula mtedza anawafunsa ngati kunyumba kuli matenda. Mwana amene anamusambitsa, kumuveka, kumukwatitsa, n'kumawabera pakhomo pawo pomwe! Kumufunsa pamaso sanaganizeko ngakhale pang'ono. Anachita zimene anaona bambo awo akuchita.

Madzulo amenewo onse atagwada pabalaza, Israel, Tamiwe ndi ana awo awiri, a Olipa anati apemphera ndi iwo.

“Ambuye, ndinu amene munatipatsa galimoto iyi. Mukudziwa mafuta amene amalowamo, ndipo mukudziwa kumene amathera. Gwirani manja amene atengeka ndi zigubu. Musalole kuti munthu wodya m'mbale imodzi ndi ife agulitse moyo wake chifukwa cha petulo.”

Ana anati ameni. Israel anati ameni motsitsa. Tamiwe anangodzuka n'kutuluka atakoka ana ake padzanja.

Zikanathera pabalaza pomwepo, mwina zikanapola. Koma kamuvi kanapitiriza kutsika, ndipo a Olipa anaona ngati pemphero la munthu mmodzi lachepa mphamvu. Pa msonkhano wa amayi a Chigwirizano, pamene mtsogoleri anafunsa ngati alipo ali ndi chopempherera, anaimirira n'kupempha kuti akumbukire m'bale wina wapafupi amene wagwa m'mayesero a mafuta a galimoto. Dzina sanatchule. Mumpingo monsemo galimoto yomwa mafuta ochititsa mayesero inalipo imodzi, dalaivala wake analinso mmodzi. Amayi anapemphera mochokera pansi pa mtima, ndipo pofika madzulo amuna awo onse anali atamva.

Israel anali mmodzi wa otolera chopereka Lamlungu. Sabata yotsatira akulu ampingo anamuuza mwaulemu kuti apumeko kaye, ena aphunzireko ntchitoyo. Iye anamva. Lolemba m'mawa analowa m'nyumba yaikulu, n'kuika makiyi patebulo pafupi ndi kapu ya tiyi ya a Olipa.

“Asisi, makiyi awa. Pemphero lanu ndalimva.”

Tsiku lomwelo anasamukira ndi banja lake ku komboni ya Mchini, m'chipinda cha lendi. Anayendayenda kufuna ntchito ya udalaivala, koma Chipata si tauni yaikulu, ndipo palibe mwini galimoto amene amapereka makiyi kwa munthu amene mlongo wake weniweni anamupempherera za mafuta. Pamapeto anabwereka njinga n'kuyamba kunyamula anthu. A Olipa ankamuona nthawi zina akupalasa chitunda, mayi wonenepa ali kumbuyo ndi dengu pamwendo, ndipo ankayang'ana kumbali. Chisoni ankamva, koma ankadziuza kuti akufunika aphunzire.

Dalaivala wina sanamufune. Ngati magazi ako akubera, mlendo angatani? Galimotoyo inali yosintha yokha magiya, choncho anaphunzira kuiyendetsa okha pabwalo la mpira, anthu akuthawa ndi mbuzi zawo, mpaka anatenga laisensi. Anapita kwa wowotcherera zitsulo kuti aike loko pachitseko cha thanki, ndipo kiyi wake ankamumangirira pansonga ya chitenje. Tsopano, anaganiza, tione fifitini ija.

Galimoto inamwa kuposa kale. Poyamba ankati ndi phazi lawo losazolowera, ndiye anayamba kuponda mofatsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Inamwabe. Anaitengera kwa makanika kuti aone ngati thanki ikudontha. Makanikayo analowa pansi, anatuluka, n'kunena kuti palibe podontha, galimoto ili bwinobwino. A Olipa anafika poganiza kuti mwina Israel anasiya atasokoneza china chake mu injini, ndipo maganizo amenewa anawachititsa manyazi okha.

Zinadziwika pa ulendo wa ku Madzimoyo, kumene anapita kukalambula manda a makolo awo. Potuluka m'tauni anadina kabatani kobweza manambala a mtunda pa ziro, monga anazolowera. Atafika pafupi ndi sukulu yakale anaimitsa galimoto n'kuyang'ana manambalawo. Anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi makilomita amene aliyense amadziwa a msewu umenewu. Komabe nambalayo sinali yachilendo. Anaiyang'anitsitsa, n'kukumbukira kumene anaimva. Bambo awo akamakwera njinga kupita kuboma kukalandira malipiro, ankatchula mtunda womwewo ndi nambala yomweyo, koma iwo ankati mailosi.

A Olipa sanatsike m'galimoto, khasu analisiya kumbuyo komweko. Galimotoyi inkawerenga mailosi, osati makilomita. Ngati kwawo kwa Jenny amayeza msewu ndi mailosi, ndiye kuti mafutanso sayeza ndi malita, amayeza ndi magaloni, ngati palafini wa m'masiku a bambo awo. Fifitini ya Jenny inali mailosi pa galoni. Anaimbira foni mwana wawo wa ku Lusaka kuti awafufuzire, ndipo yankho silinachedwe: m'chiwerengero chathu, fifitini imeneyo ndi makilomita sikisi ndi kanthu pang'ono pa lita. Galimoto sinabedwepo dontho. Inkamwa zimene inalengedwera kumwa, ndipo amuna aja oimba kamluzu pabwalo la Jenny ankadziwa zimenezi.

Manda analambula, koma sankaona chimene akulima. Pobwerera sanapite kunyumba, analunjika ku Mchini. Galimoto inakanika kulowa m'tinjira ta kumeneko, ndiye anaisiya pamsewu n'kuyenda wapansi, akufunsa. Anapeza Tamiwe akuchapa pakhomo. Israel anali kuntchito yake ya njinga.

Tamiwe anawapatsa mpando, n'kuwalonjera monga mwa mwambo, koma nthawi yomweyo anabweza manja m'beseni. A Olipa anafotokoza za mailosi ndi magaloni, mofulumira, ngati mwana woyankha mayeso. Atamaliza anafunsa chinthu chimodzi chimene chinkawavutabe.

“Nanga chigubu chija ndinamupeza nacho?”

Tamiwe anafinya malaya, n'kuwayang'ana.

“Alamu, chigubu chija munachiona bwino? Anali kuchotsa kapena anali kuthira?”

Tamiwe anaika malayawo pambali n'kudziyankha yekha.

“Anali kuthira. Pa ndalama zimene munali kumupatsa, anali kupatulako n'kugula malita awiri, atatu, kuti geji isakukhumudwitseni. Ine tinali kukangana naye m'nyumba, kuti ana alibe nsapato iwe ukudyetsa motoka ya eni. Iye akuti, asisi anaika zonse za alamu a Paison pa motoka iyi, akadziwa kuti anagula chidakwa adzadwala. Manje ndiye malipiro ake aya.” Analoza ndi chibwano chipinda chimodzicho, chitseko chake cha malata.

A Olipa analira pamenepo, pampando wa eni, ana a anthu oyandikana nawo akuonerera. Atapukuta m'maso anati adikira Israel kuti amupepese.

“Kupepesa kuno?” anatero Tamiwe. “Kuno kulibe amene anamva pemphero lanu. Munamupempherera pagulu, manje mufuna kupepesa kuseri? Ana anga ku Sande sukulu anzawo amawaitana ana a chigubu.”

Mawuwo anali olasa, ndipo ochokera kwa mlamu wamng'ono, koma a Olipa sanapeze polakwika. Ananyamuka osadikira.

Lamlungu, nthawi ya zilengezo itakwana, mlembi wa mpingo atamaliza za ukwati ndi za msonkhano wa achinyamata, a Olipa anaimirira atavala yunifolomu yawo ya Chigwirizano n'kupempha kulankhula. Anayambira kutali, monga mwana wa aphunzitsi, kufotokoza kuti ku Amereka msewu amayeza ndi mailosi ndipo mafuta ndi magaloni, ndi kuti iwo anamva fifitini n'kuganiza kuti ndi fifitini yathu. Amuna a kumbuyo anayamba kuseka, kuseka kunafalikira, ngakhale abusa anaphimba pakamwa ndi pepala la zilengezo. A Olipa anadikira kuti kuthe.

“Sindinaimirire kuti ndikuseketseni,” anatero. “Israel Miti, mlongo wanga, sanabe mafuta. Ankachita kuwonjezera ndi ndalama zake. Amene ndinamunenera ndine, ndipo ndinanenera m'pemphero kuti asapeze poyankha. Ndinamuchotsera ntchito ndi dzina. Ndikupempha akulu ampingo amubwezere mbale yake ya chopereka, ndipo amene muli ndi magalimoto, dalaivala woposa ameneyu simudzamupeza.”

Amayi a Chigwirizano ankayang'ana m'manja mwawo. Israel anali pabenchi yakumapeto, pafupi ndi khomo, ndipo mutu sanadzutse. Mkulu wina anayambitsa nyimbo kuti anthu apeze kolozetsa maso.

Potuluka, kumwamba kunali kutada, mvula ili pafupi. Anthu ambiri anapita kukagwira Israel chanza, ena mwa iwo omwe aja ankamulambalala miyezi yonseyi. A Olipa anadikira pagalimoto mpaka gululo litachepa. Israel atafika ndi banja lake, anamutambasulira makiyi.

“Yendetsa ndiwe, ndikakutuleni. Mvula iyi ikupezani panjira.”

“Iyayi asisi, yendetsani. Ni motoka yanu.”

A Olipa anatsegula chitseko chakutsogolo, kumene kunali malo okwana onse. Israel ananyamula ana n'kuwakweza kumbuyo, kumene kumakhala matumba, anathandiza Tamiwe kukwera, naye n'kudumphira komweko. A Olipa anatseka chitsekocho n'kukakhala pa pilo wawo. Njira yonse ankayang'ana pagalasi, koma ankangoona msana wa jekete lake.

Pamphambano ya ku Mchini anamva kugogoda padenga, monga amachitira apaulendo akafika potsikira. Anaima. Israel anatsitsa banja lake, n'kubwera pawindo.

“Zimene mwanena lero, zikomo. Mwachita bwino chifukwa cha ana.”

“Bwerera kunyumba, Israel. Zipinda zija zili chomwecho, sindinaikemo munthu.”

Iye anayang'ana kumsewu, kenako anawayang'ana m'maso, chinthu chimene sanachitepo chikhalire.

“Ntchito sinandiwawe, asisi, njinga nayonso ni ntchito. Koma munanilera ndimwe. Munali kudziwa mtima wanga kuposa munthu aliyense. Tsiku lija munanipeza na chigubu, mukanangofunsa chabe kuti Israel, ukuchita chiyani?”

Sanadikire yankho. Ananyamula mwana wamng'ono paphewa, n'kutsatira mkazi wake m'kanjira kolowa m'komboni. Madontho oyamba anayamba kugwa pagalasi. A Olipa anakhala pamphambanopo akuwayang'ana mpaka anakhota kuseri kwa nyumba za anthu, ndipo anakhalabe nthawi yaitali pambuyo pake, injini ikulira, osakumbuka kuizimitsa.